Zikomo Mayi, Munandimasula Miyezi Itatu Isanakwane

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Kanengo. Ife kuno ku Blantyre tili bwino, ana anazolowera sukulu yawo yatsopano, ntchito nayo ikuyenda.

Mawu awa ndikanatha kukutumizirani pa foni n'kuthera pomwepo, koma ndafuna kuti awerengedwe ndi anthu ambiri. Chichokereni kwanuko, anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: unatuluka bwanji pa notisi ya miyezi itatu osakangana ndi abwana ako, osalipira kalikonse, ntchito yatsopanoyo osakuphonya? Ndikawayankha kuti ndinali ndi bwana wabwino amangoti, basi unali ndi mwayi. Mwayiwo unalipo, sindikana. Koma zimene munachita zinali ndi ndondomeko yake, yoti bwana wina aliyense akhoza kuitsata atafuna. Dzina lanu ndi la kampani sinditchula poti ndikudziwa kuti simukonda kuonekera. Mudzizindikira nokha.

Mukukumbukira mmene zinthu zinalili kumapeto kwa 2023. Mu Novembala chaka chimenecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangotha chaka ndi theka chigwereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Papepala malipiro anali omwewo, koma ukalowa nawo m'golosale ankathera pakhomo. Kampani inayesetsa kutiwonjezera kangachepe, ndipo ine amene ndinkasunga mabuku ndinkadziwa bwino kuti kupyola apo sikukanatheka. Sindinayambe kufunafuna ntchito chifukwa chotopa nanu ayi. Ndinali ndi fizi ya ana, lendi, ndi mayi anga kumudzi ku Ntcheu amene feteleza wawo amachokera m'thumba langa.

Mu mgwirizano wanga wa ntchito munali mzere wonena kuti wofuna kuuthetsa, kaya kampani kaya ine, apereke notisi ya miyezi itatu. Tsiku losaina palibe amene amauwerenga kawiri mzere umenewu. Maso amathamangira pa malipiro, pa ndalama ya nyumba ndi ya chipatala. Munthu woti wangoipeza kumene ntchito saganiza za tsiku lodzachoka, ndipo ngakhale ataganiza, angayambire pati kuuza omulemba kuti mzere uwu muusinthe?

Pa intavyu ku Blantyre mafunso onse ndinawayankha mtima uli m'malo, kupatula lomaliza: "Tikakutengani mungayambe liti?" Aliyense womangidwa ndi notisi yaitali amalidziwa funso limeneli. Ukanena zoona kuti miyezi itatu, umaona cholembera cha wofunsayo chikuima kaye. Panja pabenchi pakhala anthu ena, ena a iwo ali pa ulova, okonzeka kuyamba Lolemba lomwelo. Ukanama kuti mwezi umodzi, wadzitchera wekha msampha. Ndinanena zoona, n'kuwonjeza kuti ndikakambirana ndi abwana anga. Kalata yawo inabwera pakati pa Febuluwale 2024, yonena kuti anditenga, koma ndikhale nditayamba pakati pa Malichi. Notisi yanga inkathera pakati pa Meyi.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndikapereka kalata yosiya ntchito kwa inu, a ku Blantyre akanatha kutopa n'kutenga wina, ine n'kutsala pamtetete. Ndikapanda kupereka, masiku ankapitabe, ndipo tsiku lililonse lozengereza linkakankhira kutsogolo tsiku lodzamasuka.

Malangizo anabwera ambiri, monga amachitira. Wina anati ndilandire malipiro a Febuluwale, ndisiye makiyi kwa mlonda, ndizimitse foni. Wina anati ndipeze dokotala wodziwana naye andilembere kuti BP yakwera, ndikayambe ntchito ku Blantyre kuno ndikuwerengedwa ngati wodwala. Wina anati ndiyambe kuchedwa ndi kujomba mpaka mutope nane n'kundithamangitsa nokha. Anthu amenewa si oipa. Ambiri a iwo anaonapo mnzawo akupereka notisi mwaulemu n'kuzunzika nayo miyezi itatu yathunthu, ndiye anatsimikiza mumtima kuti ulemu pochoka sulipira. Komabe njira yothawayi ili ndi vuto limene amaliiwala: dziko lathu ndi laling'ono. Ife owerengera chuma timakumana tonse ku msonkhano wa ICAM ku Mangochi. Ma odita amene amayendera mabuku ku Kanengo ndi omwewo amene mawa afika ku Limbe. Akauntanti wothawa ndi makiyi a sefa m'thumba, ngakhale asanabe tambala imodzi, mbiri yake imafika msanga kuposa iye mwini. Ndipo bwana watsopanoyo, angakhale akusekerera lero, waona kale mmene munthuyu adzachokere kwa iye.

Njira yoyera inali yogula masiku otsalawo. Lamulo la zantchito la 2000, Employment Act, pa ndime 29 limati wolandira malipiro pamwezi apereke kapena apatsidwe notisi ya mwezi umodzi. Koma umenewo ndi mlingo woyambira chabe. Mukagwirizana yoposa apo n'kusainirana, yomweyo ndiyo imakumanga. Ndime 30 imati wochoka osapereka notisi alipire bwana wake ndalama yofanana ndi malipiro amene akanalandira mpaka notisiyo itatha, pokhapokha bwanayo atasankha yekha kumukhululukira. Kwa ine zinkatanthauza malipiro a miyezi iwiri. Nthawi yomweyo eni nyumba imene ndinaipeza ku Chirimba ankafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, mwini lole ankafuna zake zonyamulira katundu makilomita oposa 300 pamsewu wa M1, ndipo sukulu yatsopano inali ndi yunifolomu yakeyake. Makampani ena amamugulira munthu notisi akamufunitsitsa. A ku Blantyre anandiuza mwaulemu kuti iwo satero.

Achimwene anga amene ali ku Johannesburg ankangodabwa pa foni. Ati kumeneko lamulo lawo la 1997 limayambira pa masabata anayi kwa munthu amene wagwira ntchito chaka kapena kuposera, ndipo limaletsa kumanga wantchito ndi notisi yaitali kuposa ya bwana wake. Miyezi itatu, ati, ndi ya akuluakulu oyendetsa makampani. Zinali zosangalatsa kumva, koma ine ndinasainira ku Kanengo.

Kalata yosiya ntchito ndinabwera nayo Lolemba m'mawa, malole asanayambe kulowa pageti. Munaiwerenga mpaka pansi, n'kuipanikiza ndi sitepula kuti fani isaiulutse. Ndinkayembekezera funso limene mabwana ambiri amayambira, lakuti akukupatsa zingati kumeneko, kapena lakuti takulakwira chiyani. Inu munafunsa ngati nyumba ndaipeza kale, ndiponso ngati ana asamuka pakati pa teremu. Kenaka munati, "Akufuna muyambe liti?" Nditakuuzani munakhala chete kanthawi, n'kudzuka kukachotsa pakhoma kalendala ija ya kuseri kwa chitseko. Munaiyala patebulo pamodzi ndi kope lachikuto cholimba, n'kunena kuti, "Za miyezi itatu zisiyeni kaye. Tiyeni tilembe zinthu zimene zingaime mutapanda kubwera mawa."

Tinalemba mpaka nthawi ya nkhomaliro. Tinayambira kubanki: kuti siginecha yanga ichotsedwe n'kuikapo ya wina pamafunika chikalata cha bodi ndi mafomu, ndipo banki sichita zinthu mothamanga. Tinalemba msonkho wa PAYE umene uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi uliwonse, ndi wa VAT pofika pa 25. Tinalemba za penshoni, 10 peresenti ya kampani ndi 5 peresenti ya wantchito. Tinalemba ngongole za makalabu a alimi a fodya amene anatenga feteleza ndi mbewu mvula isanagwe, zimene zimayamba kubwezedwa msika ukatsegulidwa mu Epulo. Ndiye panali chachikulu pa zonse, kutseka mabuku a chaka pa 31 Malichi, kuwerenga katundu yense ndi kukonzekera ma odita. Pa chilichonse munkafunsa mafunso awiri okha: chimatha liti, nanga angachitenge ndani.

Titamaliza zinaoneka poyera kuti ntchito inkandifuna mpaka pakati pa Epulo. Kuchoka mu Malichi monga ankafunira a ku Blantyre kukanakusiyani pamoto, ndipo munandiuza zimenezo mosapsatira. Sindinakondwe nazo tsiku limenelo, koma zinali patebulo, zolembedwa ndi dzanja langa lomwe, ndiye ndikanatsutsa chiyani? Mwezi wotsalawo, wofika pakati pa Meyi, munalibe chilichonse chimene wina sakanachita. Munaitanitsa faelo yanga ndipo tinapeza kuti ndinali ndi masiku a tchuthi amene ndinali ndisanapume. Ndime 44 imapatsa wogwira masiku asanu pa sabata masiku 15 pachaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi 18, ndipo mukudziwa kuti nyengo yogulitsa feteleza sitinkapuma. Masiku amenewo anadya gawo lina la mweziwo. Gawo lotsala munati mukapempha eni kampani kuti angolikhululuka.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti kumeneko sikunali kophweka. Mmodzi mwa iwo ankati mukandilola ine, mawa aliyense adzafuna zomwezo, mgwirizano n'kusanduka pepala wamba. Mantha amenewo ndi omveka ndithu. Ati munawaonetsa kope lija n'kuwauza kuti aliyense wobwera ndi ndondomeko ngati imeneyi, n'kuikwaniritsa, nayenso adzaloledwa, ndipo kampani sidzataya kanthu. Atavomera munaonetsetsa kuti zonse zalembedwa ndi kusainidwa: tsiku langa lomaliza, masiku a tchuthi, ndi mawu oti kampani sidzandilipiritsa chilichonse. Munati za pakamwa zimaiwalika mipando ikasintha.

Kalata imeneyo ndiyo inatsegula chitseko ku Blantyre. Mpaka pamenepo ankandiyankha mozungulira, ati tiona, ati tikuuzani. Ataona tsiku lenileni, pansi pali siginecha ya bwana ndi chidindo cha kampani, anavomera kudikira. Pano poti nanenso ndimakhala nawo pa gulu lofunsa anthu, ndikumvetsa chimene ankaopa. Kudikira mwezi umodzi sikugwetsa kampani. Chimene chimawawa ndi kudikira munthu amene pamapeto pake sabwera, amene kalata yanu wangokaiyala pamaso pa bwana wake kuti amukweze malipiro, inu mutauza kale ena onse kuti pepani tapeza. Tsiku lotsimikizika, ngakhale lakutali, limaposa lonjezo lapafupi lopanda mwini. Nawonso a kuno ndikuwathokoza chifukwa cha kuleza mtima kwawo.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi mmene munandisungira m'masabata otsatirawo. M'maofesi ambiri munthu akapereka notisi amasanduka mlendo tsiku lomwelo. Amamuchotsa pa gulu la WhatsApp, kumisonkhano samuitana, galimoto ya kampani imasowa mafuta ulendo ukakhala wake, ndipo akalowa m'chipinda anthu amasintha nkhani. Kwina amamuunjikira ntchito zonse zimene ena akhala akuzikana, ngati kuti kupeza ntchito ina ndi mlandu. Akakhala wogwira ndalama ndiye zimanyanya, aliyense amamuyang'ana ngati akufuna kunyamula sefa pamutu. Miyezi itatu ya moyo wotere ndi yaitali zedi, ndipo ndi imene imabala malangizo aja a kwa dokotala. Inu munalengeza nokha sabata yomweyo, pamaso pa onse, mphekesera zisanayambe kuyenda: kuti ndikuchoka, tsiku lake, ndi amene atenge malo anga. Makiyi a sefa anakhalabe kwa ine mpaka tsiku limene tinalemba m'kope. Pokambirana bajeti ya chaka chimene sindikanakhalapo munkandifunsabe maganizo, ndipo pena munkawatenga.

Amene anatenga malo anga ndi mayi wachitsikana uja anali wachiwiri wanga, ndipo munalamula kuti tebulo lake lisunthidwe likhale pafupi ndi langa. Zambiri zimene akauntanti amadziwa sizikhala mu kompyuta. Kompyuta imadziwa kuti kalabu yakuti ili ndi ngongole yakuti. Sidziwa kuti wapampando wa kalabu ina ya ku Dowa amayankha foni madzulo okha akachoka kuchigafa, kuti kalabu ina imalipira kudzera mwa msungichuma amene dzina lake silili pa fomu, kapena kuti ogulitsa matumba ena amatumiza invoisi imodzi kawiri ukapanda kuchenjera. Sidziwa kuti mlimi akati adzalipira akagulitsa, uyenera kufunsa kuti akagulitsa belo loyamba kapena lomaliza. Zonsezi zinalowa m'kope lija, mzere ndi mzere, iye akulemba ine ndikunena.

Chaka chimenecho Isitala inagwa pa 31 Malichi penipeni, choncho katundu tinawerenga Lachinayi, Lachisanu Loyera lisanafike. Tinalowa mosungira katundu m'mawa, fumbi la feteleza likuyabwa m'mphuno, matumba a makilogalamu 50 atasanjidwa mpaka pafupi ndi malata. Munati ine ndingonyamula choko, wowerenga akhale iye. Ndinamuonetsa kuti mulu suwerengedwa kumaso kokha. Umakwera pamwamba n'kusuzumira pakati, chifukwa mulu wooneka wodzaza kunja ukhoza kukhala ndi mphako m'kati. Matumba obooka ndi feteleza wosesa pansi amayezedwa pa sikelo paokha. Titamaliza, chiwerengero chake chinapelewera ndi matumba angapo a NPK poyerekeza ndi cha m'mabuku. Anayang'ana kwa ine, ine n'kuyang'ana kwa inu, inu n'kuloza iye ndi chibwano. Anakhala pansi pa mphasa ya matabwa ndi buku la pageti, thukuta lili kamukamu, mpaka anapeza lole imene inatuluka madzulo a dzulo lake invoisi yake isanalowetsedwe mu kompyuta. Ine ndinali nditaganizira kale komweko, ndipo lilime linkandiyabwa, koma maso anu anandiuza kuti ndikhale chete.

Malipiro a Malichi anakonzanso yekha, ine nditakhala pambali manja ali m'thumba. Msonkho wa mwezi umenewo anatumiza yekha. Pofika tsiku langa lomaliza ndinali nditayamba kale kusowa chochita.

Pano ndinenepo maganizo anga, ngakhale mwina simugwirizana nawo onse. Notisi ya miyezi itatu ili ndi malo ake. Woyendetsa kampani, injiniya amene ali pakati pa ntchito yomanga, mphunzitsi wa kalasi ya mayeso, dokotala amene ali yekha pachipatala cha kumudzi, anthu otere sangachoke ngati wosiya ganyu. Koma m'makampani ambiri mzere umenewu amangoukopera pa mgwirizano uliwonse, wa manijala ndi wa kalaliki chimodzimodzi, ndipo cholinga chake chenicheni n'chakuti munthu aziopa kuponya kalata kwina. Sizigwira. Wotsimikiza kuchoka amachokabe, kungoti amachoka usiku, osasiya kope kapena pasiwedi. Wotsala mokakamizidwa amabwera ndi thupi lokha, mtima unapita kale. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti mabwana ena amaumirira miyezi itatuyo koma osaigwiritsa ntchito. Mwezi woyamba umatha akuyembekeza kuti munthuyo asintha maganizo. Wachiwiri umatha akunyanyala. Chidziwitso chofuna wolowa m'malo chimatuluka m'nyuzipepala sabata yomaliza, ndipo watsopanoyo amadzafika mwini ntchito atapita kalekale. Ndiye miyezi itatuyo inali ya chiyani?

Komabe sindinganene kuti mzerewo uthetsedwe, chifukwa munandikumbutsa chinthu chimene anzanga aja sanachitchule. Mzere womwewo unkanditeteza inenso. Kampani ikanaganiza zochepetsa antchito, monga anachitira ena ambiri kwacha itagwa, ikanayenera kundipatsa miyezi itatu kapena malipiro ake. Zaka zonsezo ndinkatsamira mzere umenewo osaudziwa. Sikukanakhala chilungamo kuukonda pamene ukunditchinjiriza n'kuutukwana pamene ukutchinjiriza inu. Munali ndi ufulu wonse wondisunga mpaka tsiku lomaliza, ndipo palibe khoti limene likanakutsutsani. Inu munauwerenga mzerewo pamodzi ndi ntchito imene unaikidwira, n'kusiya zotsalazo.

Za ndalama zomaliza ndingonena mwachidule. Zinalowa sabata isanathe. Lamulo limanena masiku asanu ndi awiri, koma tonse timadziwa anthu amene nsapato zawo zathera panjira ya ku ofesi ya leba ndi ku Industrial Relations Court kulondola malipiro awo omaliza. Munandikhazika pansi n'kundionetsa mzere uliwonse, kuphatikizapo kangongole kanga ka kampani kamene tinachotsera pomwepo. Munandikumbutsa kuti ndisayembekezere ndalama ya severance, poti wosiya yekha ntchito salandira, koma kuti penshoni yanga siitayika, imanditsata kumene ndikupita. Satifiketi yotsimikiza kuti ndinagwira ntchito kwanuko, imene ndime 31 imati wantchito apatsidwe akaipempha, ndinaipeza ili kale mu envelopu. Pepala limeneli anthu amalipeputsa mpaka tsiku limene awamana. Ku India, kumene makampani ambiri a zamakompyuta amafuna notisi ya masiku 90, kalata yonena kuti munthu wamasulidwa mwadongosolo ndi imene amamugwirira, chifukwa popanda iyo kampani yatsopano kawirikawiri simulandira. Kwathu kunonso alipo mabwana amene amasunga kalata ya umboni m'dirowa kuti munthu adziwe kuti anawakwiyitsa.

Pali chinthu china chimene ndachimvetsa nditafika kuno, ndipo ndi chimene chandikankha kuti ndilembe. Miyezi ingapo yapitayo mnyamata wina wa mu ofesi yanga anabwera ndi kalata yake yosiya ntchito, nayenso akufunidwa msanga kwina. Ndinachotsa kalendala pakhoma monga munachitira inu, n'kutenga kope. Tinalemba zonse bwinobwino. Koma pa funso lachiwiri lija, lakuti angachitenge ndani, panalibe dzina loti n'kulemba. Ntchito yake ankaidziwa yekha, mmene ofesiyo inakhalira kuyambira kale. Ndinamuchotserako masiku ochepa, koma sindinathe kumumasula mmene ankafunira, ndipo anachoka ali ndi mangawa nane. Mtima wofuna kumuthandiza ndinali nawo. Chimene ndinalibe ndi chimene inu munali nacho m'mawa uja.

Munayamba kufupikitsa notisi yanga zaka zambiri ndisanaganize n'komwe zochoka. Lamulo lanu lija loti munthu akapita kutchuthi ntchito yake igwiridwe ndi wina, isamudikire patebulo. Loti wachiwiri wanga azipita nane kubanki ndi ku MRA kuti nkhope yake idziwike. Loti mwezi wina uliwonse tizisinthana, ine ndikonze za ogula iye za ogulitsa, mwezi winawo titembenuze. Tinkang'ung'udza kuseri kuti mukutichedwetsa, poti chinthu choti ndichita ndekha pa ola limodzi chinkatenga m'mawa wonse pophunzitsa wina. Ena ankaopa kuti akaphunzitsa mnzawo ndiye kuti akudzichotsa okha ntchito. Koma n'chifukwa chake pa mzere uliwonse wa m'kope lija panali dzina. Kuno ndayamba kuchita zomwezo, ndipo nawonso akung'ung'udza.

Mundiperekere moni kwa onse, a pageti, madalaivala, anyamata onyamula matumba, makamaka akauntanti wanu watsopano. Ndamva kuti oditi yotsatira anaidutsa yekha popanda funso lovuta. Mumuuze kuti nambala yanga ndi yomwe ija, ngati kalabu ya ku Dowa yayambanso kusayankha foni. Mukadzabwera ku chionetsero cha zaulimi ku Chichiri mudzafike kunyumba. Mayi a kunyumba akuti akufuna akuoneni ndi maso, ndipo simudzachoka osadya nsima.

Ine wanu,
Akauntanti wanu wakale